Mphamvu za Mabungwe a Eni Nyumba ndi Malire Ake

Nkhani iyi inakambidwa pa msonkhano wa anthu okhala m'mawodi ozungulira boma lino, ndipo yasindikizidwa pano kuti amene sanafike kumsonkhanoko aiwerenge.



Malo ambiri amene zaka zapitazo anali minda ya chimanga lero ndi mapuloti, ndipo pamene panali mizere pali nyumba za malata ndi mipanda ya njerwa. Anthu okhala m'malo otere si a mudzi umodzi. Wina ndi mphunzitsi wochokera kumpoto, wina ndi wamalonda wa kunyanja, wina anapuma pa ntchito ya boma namanga nyumba ndi ndalama zake za penshoni. Chimene chimawasonkhanitsa ndi mavuto: akuba othyola nyumba usiku, msewu wokumbika ndi mvula, ngalande yodzaza zinyalala, mjigo wowonongeka. Popeza mutu umodzi susenza denga, amakhala pansi nasankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, nagwirizana zosonkha ndalama mwezi ndi mwezi. Umo ndi mmene limabadwira bungwe la eni nyumba.

Poyamba zinthu zimayenda bwino. Alonda alembedwa, kuba kwachepa, msewu wathiridwa dothi. Kenaka malamulo amayamba kuchuluka. Nkhumba zisawetedwe pa puloti. Mowa usagulitsidwe pakhomo. Mapemphero a usiku asapitirire 10 koloko. Wochedwa kusonkha alipire chindapusa. Ndiye limafika tsiku limene mayi wina wamasiye, amene mwamuna wake anamusiyira nyumba koma osamusiyira ndalama, walephera kusonkha miyezi itatu, ndipo anyamata otumidwa ndi komiti afika pakhomo pake nanyamula njinga ya mwana wake kuti ikhale chikole. Anthu amagawikana. Ena amati lamulo ndi lamulo. Ena amati kumeneko ndi kuba masanasana. Funso limene onse amalisiya osaliyankha ndi ili: komitiyo inaitenga kuti mphamvu yolamula munthu pakhomo pake?

Yankho lake ndi lalifupi. Mphamvu ya bungwe la eni nyumba imachokera m'pangano, ndiko kuti m'kuvomera kwa anthu ake. Pamene pali kuvomera, mphamvuyo ndi yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Pamene palibe kuvomera, komiti ilibe pogwira.

Komiti si boma

M'dziko muno muli malamulo amene amamanga munthu aliyense, afune asafune. Ena amapangidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Ena ndi malamulo aang'ono amene khonsolo imapanga ndi mphamvu zimene inapatsidwa ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, monga okhudza misika, ukhondo ndi ziphaso za malonda. Munthu sanganene kuti malamulo amenewa samukhudza chifukwa sanawasaine.

Malamulo a bungwe la eni nyumba sali m'gulu limeneli. Iwo ali ngati pangano la wogula ndi wogulitsa, kapena la mwini nyumba ndi wochita lendi: amamanga okhawo amene analowamo. Kuti pangano liime pamaso pa bwalo la milandu, payenera kukhala mfundo zomveka zimene mbali imodzi yapereka ndipo inayo yazilandira, aliyense ayenera kuperekapo kanthu, ndipo onse ayenera kukhala ndi cholinga chakuti zimene agwirizanazo ziwamange mwalamulo. M'bungwe la eni nyumba, membala amapereka ndalama ndi lonjezo lomvera, ndipo bungwe limapereka chitetezo, msewu wabwino ndi lonjezo lakuti anzake nawonso amvera. Pangano la pakamwa nalo likhoza kumanga, koma tsiku la mlandu aliyense amakumbukira zomukomera.

Malamulo a mapangano amene mabwalo a m'Malawi amagwiritsa ntchito anachokera kwambiri ku England, ndipo oweruza a kuno amayang'ana zigamulo za kumeneko ndi za maiko ena monga nzeru zowathandiza, ngakhale sakakamizidwa kuzitsatira. N'chifukwa chake milandu ingapo ya kunja ili ndi phunziro kwa anthu a m'mawodi muno. Waukulu mwa iyo unachitika ku South Africa, dziko limene mabungwe otere alipo ochuluka, ndiponso kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito za m'nyumba ndi za m'minda ya maluwa mkati mwa mipanda ya mabungwewo.

Mlandu wa ku Mount Edgecombe

Kumpoto kwa mzinda wa Durban, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, kuli malo okhalamo anthu opeza bwino otchedwa Mount Edgecombe Country Club Estate. Malowo ndi ozingidwa ndi mpanda, zipata zake zimalondedwa, ndipo aliyense wogula nyumba mmenemo amakhala membala wa bungwe loyendetsa malowo navomera malamulo ake. Limodzi mwa malamulowo linali lakuti galimoto isathamange kuposa makilomita 40 pa ola, chonsecho liwiro limene boma la dzikolo limalola m'misewu ya m'tauni ndi makilomita 60 pa ola. M'chaka cha 2013 mwana wamkazi wa mwini nyumba wina anapezeka akuthamangitsa galimoto kupitirira muyezowo, ndipo bungwe linalemba chindapusa pa akaunti ya bambo ake. Bamboyo anakana kulipira. Bungwe linatseka makadi amene iye ndi banja lake ankalowera pachipata, ndipo nkhani inapita kubwalo.

Mfundo ya bamboyo inali yakuti kuika liwiro pamsewu ndi kulipiritsa olakwa ndi ntchito ya boma ndi apolisi a pamsewu, osati ya bungwe la anthu wamba. M'chaka cha 2017 oweruza atatu a bwalo lalikulu ku Pietermaritzburg anagwirizana naye. Koma mu Malichi 2019 bwalo la apilo la Supreme Court of Appeal linagamula mosiyana. Linati misewu ya mkati mwa mpandamo si ya anthu onse, popeza munthu wamba sangalowemo popanda chilolezo. Linatinso ubale wa bungwe ndi mamembala ake ndi wa pangano, ndipo mwini nyumbayo analowa m'panganolo mwa kufuna kwake pamene ankagula nyumba. Liwiro lochepalo linaoneka lanzeru m'malo amene ana, oyenda pansi ndi nyama amadutsa m'misewu.

Chigamulochi chili ndi maphunziro atatu. Loyamba ndi lakuti anthu akhoza kugwirizana malamulo okhwima kuposa a boma, ndipo akagwirizana, malamulowo amawamanga. Lachiwiri ndi lakuti chindapusa chinagwera bambo, osati mwana amene anathamangitsa galimoto, chifukwa bamboyo ndiye anali m'pangano ndipo anavomera kuyankha pa zochita za a m'banja lake ndi alendo ake. Lachitatu ndilo lofunika kwambiri kuno: misewu ya ku Mount Edgecombe inali ya bungwe. Misewu yambiri ya m'mawodi muno ndi ya anthu onse, yodutsa ana a sukulu, akabaza, odwala opita kuchipatala ndi anthu onyamula maliro. Komiti imene ikufuna kuika chipata kapena chitsulo chotchinga pamsewu wotere siyingadalire chigamulo chimenechi. Iyenera kufika kaye ku khonsolo.

Siginecha imamanga

Anthu ambiri amaganiza kuti lamulo la bungwe likakhala lowawa, woweruza adzalichotsa chifukwa cha chifundo. Mbiri ya mabwalo ikuonetsa zosiyana. Pa mlandu wa L'Estrange v Graucob wa m'chaka cha 1934, mayi wina wa malo odyera m'tauni ya Llandudno ku Wales anagula makina ogulitsira ndudu nasaina pepala lokhala ndi mfundo zolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono. Makinawo sanagwire bwino ntchito. Bwalo linati popeza anasaina, mfundozo zikumumanga, kaya anaziwerenga kaya sanaziwerenge, pokhapokha ngati ananamizidwa kapena kuchitidwa chinyengo.

Ku California, m'dziko la America, mayi wina anagula nyumba m'malo otchedwa Lakeside Village, okhala ndi nyumba 530, kumene malamulo olembedwa m'kaundula ankaletsa kuweta agalu ndi amphaka. Iye anali ndi amphaka atatu amene sankatuluka panja ndipo sankasokoneza munthu. M'chaka cha 1994 bwalo lalikulu la California linagamula kuti lamulo limene linalembedwa m'kaundula munthu asanagule liyenera kutengedwa kuti ndi loyenera, pokhapokha litakhala lopanda tanthauzo, lotsutsana ndi mfundo zikuluzikulu za dziko, kapena lolemetsa anthu kwambiri kuposa phindu lake. Linatinso poyesa lamulo, woweruza ayang'ane malo onse, osati nyumba ya wodandaula yekha. Eni ziweto anapeza mpumulo pambuyo pake, pamene aphungu a California anapanga lamulo lolola chiweto chimodzi, limene linayamba kugwira ntchito mu 2001. Chinawathandiza ndi kusintha kwa lamulo, osati chifundo cha woweruza.

Nalo bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa linanena mu 2020, pa mlandu wa Beadica, kuti woweruza sangakane kukwaniritsa pangano pa chifukwa chokhacho chakuti iye akuliona lopanda chilungamo. Payenera kuoneka kuti panganolo, kapena kulikwaniritsa kwake, kukutsutsana ndi mfundo zimene dziko laimapo.

Tanthauzo la zonsezi ndi lakuti nkhondo ya chilungamo imamenyedwa tsiku lolemba malamulo ndi tsiku losaina. Safunsa anadya phula. Munthu amene akugula puloti m'malo okhala ndi bungwe apemphe malamulo onse, apite nawo kunyumba, awerenge, ndipo afunse pamene sakumvetsa. Bungwe lofuna chilungamo nalo lilembe malamulo ake m'chiyankhulo chimene anthu ake amamva, liwawerenge mokweza pamsonkhano chifukwa cha amene sadziwa kuwerenga, ndipo mfundo zolemera monga za chindapusa liziike poonekera.

Amene sanavomere

Mabungwe ambiri a kuno sanayambe ngati la ku Mount Edgecombe, kumene malamulo analipo nyumba zisanagulitsidwe. Kuno anthu amayamba amanga, bungwe limabwera pambuyo. Pamenepa pali vuto limene makomiti ambiri saliganizira. Ndime 32 ya malamulo oyendetsera dziko lino imapereka ufulu wopanga mabungwe, ndipo ndime yomweyo imati munthu asakakamizidwe kukhala membala wa bungwe. Anthu 40 akakweza manja pamsonkhano, adzimanga okha. Sanamange mnzawo amene sanabwere ndipo sanalowe m'bungwemo. Komabe kuvomera sikuoneka ndi siginecha yokha. Munthu amene wakhala akusonkha mwezi ndi mwezi, kufika pamisonkhano ndi kuponya voti, zochita zake zikhoza kuonetsa kuti anavomera, ndipo n'kovuta kuti adzakane pa tsiku limene lamulo lamutembenukira.

Nanga wogula nyumba kwa membala? M'chaka cha 1808 munthu wina anagulitsa munda wa pakati pa Leicester Square mumzinda wa London, pa pangano lakuti malowo akhale munda wosamangidwapo. Malowo anadutsa m'manja angapo mpaka anafika kwa munthu amene ankalidziwa panganolo koma ankafuna kumangapo. Pa mlandu wa Tulk v Moxhay mu 1848, bwalo linamuletsa, ponena kuti wogula akudziwa za chiletso sangachinyalanyaze. Koma mabwalo a ku England anasiyanitsa lonjezo loti munthu asachite kanthu ndi lonjezo loti azipereka ndalama. Loyambalo likhoza kutsatira malo. Lachiwirilo, mwa nthawi zonse, silimugwira wogula watsopano ngati iye sanalivomere. N'chifukwa chake mabungwe okhazikika amaonetsetsa kuti wogula aliyense wasaina pangano lake.

Pali mfundo ina imene imateteza bungwe. Pa mlandu wa Halsall v Brizell wokhudza malo ena a mumzinda wa Liverpool, bwalo linati mwini nyumba amene akufuna kugwiritsa ntchito misewu ndi ngalande zimene zikalata za malowo zinamupatsa ayenera kulipirako ndalama zozikonzera. Makolo ananena kale kuti walira mvula walira matope. Bungwe likakumba mjigo wake ndi ndalama za mamembala, lili ndi chifukwa chomveka chopemphera wotunga madziwo kuti azisonkha nawo.

Ochita lendi ali ndi pangano ndi mwini nyumba, osati ndi bungwe. Mwini nyumba amene akufuna kuti alendi ake atsatire malamulo a bungwe awalembe m'pangano la lendi. Ndipo kumene alendi ndiwo amasonkha ndalama za alonda, n'kosayenera kuwamana mawu pamsonkhano wokambirana za ndalamazo.

Ufulu wokana kulowa m'bungwe usasanduke chiphaso cha umbombo. Munthu amene amagona tulo tabwino chifukwa cha alonda olipidwa ndi anzake, iye ali nazo ndalama koma osaperekapo kanthu, akhoza kupambana kubwalo, koma wataya ulemu pakati pa anansi ake, amene adzawafune tsiku la maliro. Mankhwala a munthu wotere ndi kukambirana naye, pamaso pa amfumu kapena khansala. Ndipo ngati nkhani ndi yokhudza aliyense, monga zinyalala, phokoso kapena makola a nkhumba pakati pa nyumba, njira yake ndi kupempha khonsolo kudzera mwa khansala ndi makomiti a chitukuko, chifukwa lamulo la khonsolo ndilo limamanga onse.

Malire amene pangano silingadumphe

Ngakhale anthu atasaina onse, pali zinthu zimene pangano silingachite. M'chaka cha 1911 eni nyumba a dera lina mumzinda wa St. Louis ku America anasaina pangano lakuti kwa zaka 50 nyumba za m'deralo zisakhalidwe ndi anthu akuda. Mu 1945 banja lina la anthu akuda linagula nyumba kumeneko, ndipo anansi analitengera kubwalo. Pa mlandu wa Shelley v. Kraemer mu 1948, bwalo lalikulu la dzikolo linagamula kuti mabwalo sangagwiritsidwe ntchito pokwaniritsa pangano la tsankho. Mu 1968 dzikolo linapanga lamulo loletseratu tsankho pa kugulitsa ndi kubwereketsa nyumba.

Mlandu wa ku Mount Edgecombe nawo unali ndi mbali yachiwiri imene siitchulidwa kawirikawiri. Bungwelo linali ndi malamulo okhudza antchito a m'nyumba: ankayenera kulembetsa, kukwera basi ya bungwe pa malo oikidwa, ndipo kuyenda pansi m'misewu ya mkatimo kunali ndi ziletso. Oweruza a mu 2017 anati malamulo amenewo ndi osayenera, nawafanizira ndi nthawi ya tsankho, pamene munthu wakuda ankaloledwa kugwira ntchito m'nyumba ya mzungu koma osaloledwa kuyenda popanda chiphaso. Banja lililonse la kuno limene lili ndi m'bale wogwira ntchito ku Joni likudziwa kulemera kwa nkhani imeneyi. Antchitowo sanasaine pangano la bungwe, sankaponya voti, koma lamulo linkagwera pa miyendo yawo. Komiti iliyonse polemba za antchito a m'nyumba, ogulitsa ndiwo oyenda khomo ndi khomo, kapena ana a m'mudzi woyandikana nawo, ikumbukire kuti ikulemba za anthu amene alibe mpando pamsonkhano.

Kuno ku Malawi malire alembedwa momveka. Ndime 5 ya malamulo oyendetsera dziko imati lamulo kapena mchitidwe wa boma wotsutsana nawo ulibe mphamvu, ndipo ndime 15 imati maufulu a anthu ayenera kulemekezedwa ndi boma komanso, pamene zikuwakhudza, ndi anthu wamba ndi mabungwe. Ndime 20 imaletsa tsankho pa zifukwa monga mtundu, khungu, chipembedzo, chiyankhulo, ndale, kulumala, chuma, kapena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Ndime 21 imateteza munthu kuti nyumba yake isachitidwe chipikisheni mwachisawawa. Ndime 39 imapereka ufulu woyenda ndi kukhala m'dziko muno. Motero lamulo la bungwe loletsa kugulitsa puloti kwa munthu wa mtundu wakuti, kapena kubwereketsa nyumba kwa mayi wosakwatiwa, silingaime. Alonda alibe mphamvu yolowa m'nyumba ya munthu kukafufuza popanda iye kulola, ndipo akagwira woganiziridwa kuba ayenera kumupereka kupolisi, osati kumumenya. Komiti ilibe mphamvu yothamangitsa munthu pa puloti yake, ndipo kumuthamangitsa pomunena ufiti n'koipa koposa, pakuti lamulo la ufiti la 1911 limati kunena munthu ufiti ndi mlandu.

Chindapusa ndi kalangidwe

Apa ndi pamene makomiti ambiri amagwera. Lamulo la mapangano silikana chindapusa, koma limafuna kuti chikhale ndi muyezo. Mu 2015 bwalo lalikulu la ku Britain linaweruza mlandu wa munthu amene anaimika galimoto kupitirira maola awiri ololedwa pa malo ena m'tauni ya Chelmsford, nalipiritsidwa mapaundi 85. Bwalo linati ndalamayo ndi yololeka, chifukwa oyendetsa malowo anali ndi cholinga chomveka choti malo azipezeka kwa ogula ena, zikwangwani zinali poonekera, ndipo ndalamayo siinali yopyola muyezo poyerekeza ndi cholingacho. Muyeso womwewo ndi wothandiza kuno. Chindapusa chochepa chokumbutsa anthu kusonkha pa nthawi yake n'chomveka. Chindapusa choposa zosonkha za chaka chonse chifukwa chochedwa sabata imodzi n'chovuta kuchiteteza pamaso pa woweruza.

Kalangidwe nako n'kofunika ngati chilango chenichenicho. Mabwalo otsatira mwambo wa ku England akhala akunena kwa nthawi yaitali kuti bungwe lisalange membala wake lisanamumve. Mfundo imeneyi si yachilendo kwa aliyense amene anakhalapo pabwalo la amfumu, pamene wodandaula amayankhula, wodandaulidwa nayenso nayankhula, chigamulo chisanaperekedwe. Wolakwa auzidwe mlandu wake, apatsidwe nthawi yoyankha, ndipo amene ali pa mkangano naye asakhale m'gulu loweruza. Lamulo ligwire onse mofanana. Ngati mbuzi za wapampando zimayenda momasuka pamene za wosauka zimalipiritsidwa, komiti yadzichotsera yokha ulemu ndipo yafooketsa mlandu wake.

Choopsa kwambiri ndi kudzilipsira. Ngakhale ku Mount Edgecombe, kumene bungwe linapambana pa nkhani ya liwiro, bwalo linali litalamula kale kuti makadi a pachipata atsegulidwenso. Munthu sangatsekeredwe kunja kwa nyumba yake ngati njira yotolera ngongole. Kuno ndime 28 imati munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa. Bungwe limene lili ndi ngongole kwa membala lipite kubwalo la majisitileti ndi umboni wake. Kulanda katundu chifukwa cha ngongole ndi ntchito ya masherifi, bwalo litalamula. Anyamata amene anyamula njinga pakhomo pa munthu chifukwa chotumidwa ndi komiti akhoza kudzapezeka kuti iwo ndiwo akuyankha mlandu.

Kusintha malamulo ndi kusunga ndalama

Membala akalowa m'bungwe amavomeranso njira yosinthira malamulo, ngati njirayo inalembedwa. N'chifukwa chake malamulo a bungwe ayenera kunena masiku odziwitsa anthu msonkhano usanachitike, chiwerengero cha anthu ofunika kuti msonkhano ugamule kanthu, ndi mavoti ofunika posintha lamulo. Anthu asanu a m'komiti sangakhale pansi madzulo napanga lamulo latsopano ngati mamembala sanawapatse mphamvu imeneyo. Ndipo lamulo latsopano likakhudza chinthu chimene munthu amapezera chakudya, monga okala kapena khola la nkhuku limene linalipo bungwe lisanabadwe, chilungamo chimafuna kuti mwini wake amvedwe ndi kupatsidwa nthawi yokonzekera.

Bungwe limene likusunga ndalama za anthu lichite bwino kulembetsa mwalamulo, kaya pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act kaya la makampani la 2013, kuti lithe kukhala ndi akaunti ya kubanki m'dzina lake ndi kuima pabwalo monga bungwe. Lipereke malisiti, ndipo msungichuma awerenge poyera ndalama zolowa ndi zotuluka. Alonda nawo ndi antchito, otetezedwa ndi lamulo la ntchito la 2000, ndipo malipiro awo asachepere pa muyezo umene boma limaika. Bungwe limene limalipiritsa mamembala ochedwa kusonkha, chonsecho alonda ake akhala miyezi osalandira, silinayambe kumvetsa chilungamo.

Dziko la South Africa litaona kuchuluka kwa mikangano yotere, linapanga lamulo mu 2011 lokhazikitsa ofesi ya Community Schemes Ombud Service, imene inayamba kulandira madandaulo mu 2016, kuti anthu asamathamangire kubwalo pa nkhani iliyonse. Anthu a m'mawodi muno ali ndi makomo awo ogogodapo: amfumu, khansala, maofesi a khonsolo, bwalo la majisitileti, ndi Legal Aid Bureau kwa amene sangathe kulipira loya. Malamulo a bungwe anene momveka kumene wodandaula angapite akapanda kukhutira ndi komiti, ndipo asamutsekere njira ya kubwalo, pakuti ndime 41 imapereka ufulu umenewo kwa aliyense.

Nkhani ya mayi wamasiye uja ikhoza kuyankhidwa tsopano. Ngati iye kapena malemu mwamuna wake sanalowe m'bungwe, komiti ilibe ngongole yoti imufunse. Ngati iye analowa, ngongoleyo ndi yeniyeni, ndipo bwalo silidzaifafaniza chifukwa chakuti ndi wamasiye. Koma kaya analowa kaya sanalowe, njinga ija ibwezedwe. Chimene chikanaletsa mkangano wonsewu ndi ndime imodzi yolembedwa pa tsiku loyamba, pamene panalibe wokwiya: yakuti membala amene wagwa m'mavuto akhoza kupempha kuchepetseredwa, kupatsidwa nthawi, kapena kulipira ndi ntchito monga kulambula ngalande. Ndime yotere woweruza sangailembere bungwe. Ailembe ndi anthu eni ake, ndipo aliyense poponya voti akumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mabungwe amene alipo kale atulutse malamulo awo pamsonkhano ukubwerawu, awawerenge ndime ndi ndime, ndipo pa ndime iliyonse afunse kuti anaivomera ndani, ikugwira ntchito yanji, ikugwera yani, ndipo kodi ikugwirizana ndi malamulo a dziko. Amene akufuna kuyambitsa bungwe afunse mafunso omwewo cholembera chisanakhudze pepala.